Maluwa Kutsogolo, Mpiru Kumbuyo

Pamafulati amene timakhala kuno ku Blantyre pali lamulo limene silinalembedwe paliponse, koma aliyense amalidziwa kuposa tsiku lolipira lendi. Pakhonde loyang'ana kumsewu pazioneka maluwa. Ndiwo zamasamba, ngati muli nazo, zizikhala mzere wakumbuyo, zitabisala ngati m'bale wakumudzi amene watulukira alendo a kuntchito ali pabalaza. Wodutsa pansi akakweza maso aziona marozi n'kudziwa kuti muno mumakhala anthu opita kusukulu. Za mpiru zizidziwika ndi poto yekha.

Ine chinandilowetsa mu ulimi wa m'mwambawu ndi mulu wa tomato. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amayi a mumsika wa Limbe sanachite kukangana nafe za mtengo. Anangochotsa tomato mmodzi pamulu, patapita masiku n'kuchotsanso wina, mpaka mulu unatsala wa atatu, wapamwambayo atakhala ngati mfumu pamapewa a nduna ziwiri. Basela naye anamwalira mwakachetechete, uthenga wake osamveka n'komwe pawailesi. Ndinafika kunyumba ndi kajumbo kopepuka n'kulengeza kuti kuyambira lero tomato tizidya wolima tokha. Mayi a kunyumba anandiyang'ana, anayang'ananso khonde lathu, loti ukaponya mapazi anayi wagunda khoma, n'kunena kuti, "Chabwino, bwana wa esiteti."

Miphika nayo ili ndi maudindo. Bwana wa nambala 4 ali ndi ya simenti, yopakidwa laimu, yogula kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Yanga inali zigubu za mafuta ophikira za malita 20 zodula pakati, ndowa yothyoka chogwirira, ndi beseni limene mwana wathu ankasambiramo ali wakhanda. Zonsezi ndinazipaka penti wobiriwira kuti zisaulule kumene zinachokera, koma dzuwa likawomba dzina la mafuta limaonekabe pansi pa pentiyo ngati mphini. Kutsogolo ndinaika marozi awiri, monga mwa lamulo. Kumbuyo kwake tomato, mpiru, repu ndi tsabola wa kambuzi.

Poyamba sindinaboole zigubuzo kunsi, poopa kuti madzi ogula azingotayika. Pasanathe milungu iwiri masamba anachita chikasu, dothi linayamba kununkha ngati ngalande, mizu itaola. Ndinatenthetsa msomali n'kuboola mabowo. Madzi anapeza njira, ndipo njirayo inathera pa bulauzi yoyera ya Mvano imene mayi a pansi anayanika Lachinayi m'mawa.

Kumudzi mayiwo akanakwera masitepe chitenje chili m'chiuno, akanandilalatira mpaka agalu kuuwa, madzulo ake n'kutuma mwana kudzapempha mchere, nkhani n'kuthera pomwepo. M'tauni sitichita zachimidzi zoterozo. Tinakumana pageti, tinapatsana moni wa ulemu wake, anandifunsa za ana, ine ndinawafunsa za BP. Kenako usiku pagulu la WhatsApp la mafulati panagwa uthenga: "Anthu ena amene mwatsegula madimba kumwamba, kumbukirani kuti pansi pano palinso anthu." Kumwamba kwa mayiwo kumakhala banja limodzi lokha. Ndinayankha ndi timanja topemphera, ngati ndikuwathandiza kudabwa ndi anthu enawo.

Chisanu chitayamba, mpiru unachita bwino moti ndinkaima pakhonde ndi kapu ya tiyi ngati munthu amene ali ndi mathirakitala. Tsiku lina ndinaona tsamba limodzi litapindika m'mbali ngati khutu la galu. Nditalitembenuza, mayo! Kunsi kwake kunali msonkhano. Tinthu totuwa, tonenepa, tothithikana ngati anthu m'minibasi ya ku Ndirande, tina tili pamsana pa tinzake, tonse milomo itazikika m'tsamba kuyamwa madzi ake. Nsabwe za m'masamba. Zimenezi zimaswana mopanda manyazi: yaikazi siidikira mwamuna, siichedwa ndi mazira, imangobereka ana amoyo, anawo pakangotha sabata nawonso ayamba kubereka. Palibe chinkhoswe, palibe ankhoswe.

Chimene chinandikhalitsa pansi ndi nyerere. Zinkakwera khoma kuchokera pansi penipeni, mzere umodzi, kudutsa pawindo la mayi a Mvano, mpaka pa mpiru wanga. Ndinayesa zabwera kudzandithandiza kudya nsabwezo. Nditayang'anitsitsa ndinaona nyerere ikusisita nsabwe kumbuyo ndi tinyanga take, nsabweyo n'kutulutsa kadontho ka madzi otsekemera, nyerere n'kumwa, n'kupita pa ina. Kani ndi ng'ombe zake! Imaziweta, imazilondera, chilombo chofuna kuzidya chikafika imachithamangitsa, tsamba likauma imazinyamula kukaziika pa lanthete. Mpiru ndadzala ndine, madzi ndalipira ndine, woyamwa ndi wina, ndipo wokolola zenizeni ndi uja wangobwera ndi mzere wa abale ake. Ndinakumbuka maofesi angapo amene ndagwirako ntchito.

Tsono vuto la nsabwe m'tauni ndi dzina lake. Munthu wovala tayi sangaime pamasitepe n'kunena kuti, "Aneba, ine ndili ndi nsabwe, kaya inu?" Nditayesa kufunsa bwana wa nambala 4 mozungulira, anakweza chibwano. "Anga aja ndi marozi a mtundu wa ku South Africa, achimwene. Sagwidwa ndi tizinthu timeneto." Usiku womwewo magetsi atazima ndinawaona pakhonde pawo, tochi ya foni ili kukamwa, akupopera marozi a ku South Africa ndi mankhwala a udzudzu. Kutacha masamba onse anali atapserera. Anati ndi chiperoni.

Mukangodwalitsa mbewu, aliyense amasanduka mlangizi. Agadi a pageti anati phulusa. Limenelo lokha silisowa, chifukwa ngakhale tonse pano timati timaphikira magetsi, m'mawa uliwonse m'bini mumakhala phulusa lofunda. Mnzanga wa kuntchito anati madzi a sopo, osanena sopo wake. Ndinasungunula wa ufa wochapira, wodzaza dzanja, n'kuwaza masana dzuwa lili paliwombo. Nsabwe zinafadi. Repu nayenso anatsagana nazo. Pambuyo pake m'pamene ndinamva kuti amafunika sopo wamtanda, pang'ono chabe, wowaza madzulo, ndipo kunsi kwa tsamba kumene kuli eni nkhaniwo.

Ndinapitanso kwa mnyamata wa chimkuzamawu kumsika, uja amafuula za nsikidzi, mphemvu ndi makoswe. Anandipatsa kabotolo kopanda dzina, kopanda pepala, kotseka ndi pulasitiki. "Awa ndi amphamvu, bigi. Chilichonse choyenda chimagona." Ndinamufunsa kuti ndikapopera ndidikire masiku angati ndisanathyole ndiwo, pakuti mankhwala enieni amalemba zimenezo pabotolo. Anandiyang'ana ngati ndamufunsa za msonkho. "Zimenezo zimatengera thupi lanu, bigi." Ndinakumbuka kuti ana anga nawonso ndi zinthu zoyenda, ndipo kabotoloko ndinakasiya pomwepo.

Ndinatsala ndi nimu. Masamba ake amafuna kusinja, kuwaviika m'madzi usiku wonse, kusefa, n'kuwaza. Koma mtondo pansanjika ndi mlandu: ukangogunda kamodzi nyumba yonse imanjenjemera, ndipo gulu la WhatsApp limadzuka. Choncho mayi a kunyumba atapita kukwaya, ndinatenga makina awo ogayira zipatso, aja anapatsidwa paukwati, n'kuthiramo nimu, adyo ndi kambuzi. Ndinatsuka katatu. Loweruka lotsatira kunabwera alendo a kumpingo, ndipo anapatsidwa juwisi wa mapapaya. Abusa anamwa kamodzi, anatseka maso nthawi yaitali ngati akupemphera, n'kunena kuti, "Ndi wamankhwala eti?" Nkhani imeneyi m'nyumba mwathu sinathebe.

Nimuyo anathandiza ndithu, tisamunamizire. Koma October atafika ndi dzuwa lake, mipopi n'kuyamba kutulutsa mpweya wokhawokha, kunabwera ena. Masamba a tomato anachita timadontho totuwa ngati awazidwa ufa, kunsi kwake kuli ulusi wopyapyala ndi tiakangaude tofiira tochepa kuposa njere ya mchere. Timeneti timakonda malo otentha, ouma ndi afumbi, ndiye khonde la pafupi ndi msewu kwa ito ndi hotela. Madzi oti ndizitsukira masamba ndikanawatenga kuti, pamene m'nyumba tinkasamba m'beseni n'kusunga madzi omwewo kuti akagwire ntchito kuchimbudzi? Kenako m'masamba munayamba kuoneka tinjira toyera tokhotakhota, kambozi kali m'kati mwenimweni mwa tsamba, kotetezeka ngati nduna m'galimoto ya magalasi akuda. Agadi, amene kwa iwo mbozi iliyonse ndi ntchemberezandonda, anagwira mutu. Anandikumbutsa kuti mu December 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pangozi chifukwa cha mbozi za m'chimanga zija, ndipo anati khonde langa likhale la 21. Koma iyi inali ina, ya tomato, yotchedwa Tuta absoluta, yochokera ku South America. Bwana wa nambala 4 atamva kuti ndi yakunja anabwera kudzaiona, ndipo anaoneka ngati akusirira.

Zokolola za chaka chonse zinali tomato 7. Woyamba ndinamujambula mbali zitatu n'kumuika pa Facebook. Mayi a kunyumba, amene amagwira ntchito yowerengera ndalama, anatenga pensulo n'kuphatikiza penti, dothi, manyowa, mbewu, bilu ya madzi, bulauzi ya Mvano ndi makina ogayira zipatso. Atagawa ndi 7 sanandiuze yankho. Anangoti tomato ameneyu tisamadye ndi usipa, n'kumunyoza.

Ndiye kunabwera apongozi, kudzakhala nawo pa chinkhoswe cha mdzukulu wawo wina. Kwawo ndi ku Lizulu, ku Ntcheu, kumene basi ikaima pamsewu wa M1 kabichi ndi tomato zimalowera pawindo musanaziitane. Anatsika ndi thumba la kachewere ndi dengu la tomato woti esiteti yanga ingalime zaka khumi. Atapuma, ndinawatengera pakhonde, manja kumbuyo, kuti aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi mlesi.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa mwana wawo, osati ine, monga mwa ulemu: "Nazale ya abambowa ndi yabwino. Nanga kudimba akaokera liti?"

Sanadikire yankho. Anakwinya chitenje, anagwada, n'kuyamba kutembenuza masamba limodzilimodzi. Nsabwe ankangozifikisa ndi chala chachikulu, zija ine ndinkaziopa ngati zili ndi loya. Masamba a tinjira toyera anawathothola n'kuwaponya pambaula. Ananyamula chigubu chimodzi, kunsi kwake kunali nkhono zitatu zitagona, zonenepa ndi repu wanga. Ine miyezi yonseyi ndinkanamizira mbalame. Atapeza kachikumbu kofiira ka madontho akuda ndinathamangira nsapato, koma anatchinga ndi dzanja. "Aka ndiye kamadya nsabwezo. Abambo akhala akupha apolisi n'kusiya akuba."

Chimene chinawapweteka mtima chinali m'ndowa ya zinyalala. Manyowa a mbuzi amene ndinagula anabwera ndi njere zake, ndipo m'zigubu monse munkamera tizitsamba timene ndinkazula Loweruka lililonse mokwiya. Apongozi anatola kamodzi, anakakutumula dothi, n'kukayang'ana ngati mwana wotayidwa. Anali bonongwe. Pambali pake chisoso. Zokhazo m'khonde monse ndi zimene zinalibe bowo ngakhale limodzi, zobiriwira ngati zikulandira malipiro. Ine, mwana wobadwira kumudzi, amene ndakula ndi bonongwe wotendera, ndinali nditamuiwala nkhope chifukwa chomuona mumphika wopaka penti.

M'mawa mwake ndili kuntchito anagwetsa boma. Marozi anawakokera kukhoma, ati akutchinga dzuwa pamene tomato amafuna kuwombedwa theka la tsiku, ndipo duwa silidyedwa. Kutsogolo, poonekera msewu wonse, anandandalika mpiru, kambuzi ndi beseni la bonongwe. Zigubu zonse anazikhazika m'mabeseni akale kuti madzi asadonthere pansi, chinthu chimene ine ndi madigiri anga sindinachiganize. Pobwera madzulo ndinaona khonde langa ndili patali, likuoneka ngati benchi ya mumsika. Ndinalowa pageti nditaweramitsa mutu.

Gulu la WhatsApp linakhala chete masiku awiri, chete wake woopsa uja. Tsiku lachitatu kutada kunamveka kugogoda. Anali mayi a Mvano, mbale ili kuseri kwa chitenje. Anati iwo sadya zimenezi, koma mtsikana wawo wantchito wazilakalaka. Apongozi anawathyolera, n'kuwafunsa ngati mtsikanayo ali ndi nsinjiro. Anati ali nazo. Mawa lake kunabwera a nambala 2, ati adokotala awauza kuti magazi achepa. A nambala 7 anati ndi za kalulu wa mwana, ngakhale kalulu pamafulati pano sitinamuonepo.

Bwana wa nambala 4 anapirira sabata yathunthu. Apongozi atabwerera ku Lizulu, anandipeza pamasitepe, anayang'ana kumwamba ndi pansi, n'kutsitsa mawu. "Achimwene, timasamba tanu tija ta organic. Ku Johannesburg timadula kwambiri m'mashopu, mukudziwa? Mungandipatseko mbewu yake?"

Ndinawauza kuti mbewu ali nayo kale. Mumphika wawo wa simenti, patsinde pa rozi la ku South Africa louma lija, panali patamera bonongwe wofika m'bondo, ndipo mnyamata wawo wantchito ankamuthirira mobisa.

"Ameneyo ndi wa mtundu womwewo?" anafunsa. "Si wa lokolo?"