Mapointi 34 ndi Matumba a Mbatatesi

Satifiketi yanga ya MSCE imagona m'jumbo, jumboyo m'sutikesi, sutikesiyo pansi pa bedi. Pabanja pathu palibe wina amene amasamalidwa chonchi, komanso palibe wina waulesi ngati iyo. Chibwerereni kuchokera ku MANEB, sinagulepo ngakhale mchere wa pambale.

Ine ndine wa gulu lija linakhamukira ku Sitandade 1 mu 1994, a Bakili Muluzi atalengeza kuti pulayimale ndi yaulere. Tinali ambiri ngati ngumbi, kalasi yathu inali mtengo wa mango, ndipo mvula ikangoti wa, ndiye kuweruka. Ndinapirira mpaka kukafika ku sekondale yoyendera ija amati CDSS. Neno, komwe ndi kwathu, atayima payekha ngati boma mu 2003, kuchoka m'khwapa mwa Mwanza, ndinauza amayi kuti maofesi atsopanowo akudikira ine. Amayi anangoti, "Chabwino bwana, koma kaye kamweteni udzu wa mbuzi."

Kusukuluko tinkaphunzira zinthu mwa chikhulupiriro, osaziona. Aphunzitsi a sayansi ankajambula botolo pabolodi, n'kujambula moto kunsi kwake, kenaka n'kutiuza kuti madziwo asanduka ofiira. Ife tonse: "Asandukadi, sala!" Ndinaloweza kuti magetsi a dziko lino amachokera ku Nkula ndi ku Tedzani pa mtsinje wa Shire, kumunsi kwathu konkuno, ndipo ndinaloweza zimenezo pa koloboyi, utsi uli tolotolo m'mphuno.

Zotsatira zitatuluka ndinapeza mapointi 34. Agogo atamva kuti mwana wina wa m'tauni wapeza 6 anamumvera chisoni, nati, "Mwana wa eni ake, kaya ankadwala?" Sindinafune kuwasokoneza nkhalamba powauza kuti pamayeso awa wochepetsa ndiye dolo. Nkhuku inaphedwa, ine ndinadya chiwindi. Mayina a opita ku yunivesite atatuluka ndinawawerenga katatu, kachitatuko kuyambira pansi kukwera m'mwamba, mwina langa linabisala.

Ndiye inayamba nyengo ya maenvelopu a khaki. Kalata iliyonse inkayamba ndi Chingerezi chaulemu chimene ndinakopera kwa msuweni wanga, amenenso sali pantchito mpaka lero. Kampani ina ya ku Blantyre inandiyitana. Ndinabwereka jekete la akulu ampingo, ndinakwera matola m'bandakucha, ndipo amene amaudziwa msewu wathu nthawi ya dzinja akudziwa kale kuti okwerafe ndi amene tinanyamula galimotoyo. Pofika pa tala ndinali ngati ndachokera koumba njerwa.

Mayi wina wa magalasi anandifunsa ngati ndimadziwa kompyuta. Apa ndiye ndinamwetulira, poti funso limeneli ndinaliloweza. Ndinafotokoza tanthauzo lake, zigawo zake, ubwino wake usanu ndi kuipa kwake kutatu. Mayiwo anadikira mpaka ndinamaliza, nati, "Tayiyatsani." Abale anga, ndinayizungulira ngati galu wofuna pogona. Pomaliza anandifunsa zaka zimene ndagwirapo ntchito. Ndinafuna kuyankha kuti n'chifukwa chake ndabwera, kuti zakazo ziyambe, koma jekete la akulu ampingo silimalola mwano.

Amalume anandilangiza kuti ndikaphunzire ukalipentala kapena zowotcherera kudzera ku TEVETA. Ndinakana kwamtuwagalu. Munthu wodziwa kuti mtsinje wa Rhine uli ku Ulaya angagwire bwanji sowo? Lero chitseko cha nyumba yanga chikapendekeka ndimayitana mnyamata amene anamvera amalume ake, ndipo amandilipiritsa asanachigwire n'komwe.

Tsopano ndili pantchito, musadandaule. Bwana wanga ndi mnzanga wina amene analephera Sitandade 8 kawiri n'kukalima mbatatesi kumapiri a kwa Dambe. Ali ndi njinga zamoto zitatu za kabaza ndi kagalimoto kotsitsira matumba ku Zalewa. Ine ndimakhala pamwamba pa matumbawo ndi kope, kulemba amene atenga pangongole. Pamaso pa makasitomala amanditcha "aphunzitsi", ndipo ndimavomera mokweza.

Dzulo ndinawerengera matumba 47 pa kakyuleta ya m'foni, ndinabwereza kawiri, n'kumuuza mtengo wake. Iye anangoyang'ana kumwamba, natafuna nzimbe, nati, "Aphunzitsi, mwaiwala matumba awiri amene mwakhalirawo."