Malume, Jombo Zanu Zili M'njira

Graaff-Reinet
Eastern Cape
20 Julayi

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali ndi asuweni anga onse, kuphatikizapo aja amandikumbukira mwezi ukamatha. Ine kuno ndili bwino kuyambira kumutu kulekeza m'mawondo. Za m'munsimo ndiye zandikhazika pansi kuti ndikulembereni.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumvera wonse, mphindi 9, pamodzi ndi tambala amene amakuthandizani kulankhula kumbuyoko. Mwati ndikugulireni jombo za ku Joni, sayizi 8, zothina bwino kuti chisanu cha ku Bembeke chisapeze polowera mukamapita kokasaka akalulu mbandakucha. Mwatinso masokosi akhale mapeya asanu oti muzivala onse pakamodzi. Sindingatsutsane ndi munthu amene anandiphunzitsa kufukula mbewa, koma nzeru imeneyi ndinaiyesa kale, Malume, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya zala zanga m'dziko la eni.

Poyamba ndibwerezenso kuti ine sindili ku Joni. Johannesburg ili pa mtunda wa makilomita oposa 800 kuchokera kuno. Kuno ndi ku Karoo, dziko la miyala, nkhosa ndi mipanda ya waya, kumene ukakumana ndi mtengo umafuna kuupatsa moni. Famu yathu ili m'munsi mwa mapiri a Sneeuberg. Anandiuza kuti m'Chibunu dzinali limatanthauza phiri la sinowo, ine n'kumati ndi dzina chabe, monga munthu amatchedwa Chuma pamene pakhomo pake palibe ndi nkhuku yomwe. Kuno mayina sanama. M'chigawo chomwechino, kufupi ndi tauni ya Molteno, kunazizirapo mpaka madigiri 18.6 pansi pa ziro mu Juni 1996, ndipo anthu amaikamba nkhaniyo monyadira ngati timu yawo inatenga chikho.

Ntchitoyi ndinaipeza ndi dzina lanu. Bwana atandifunsa ngati ndimadziwa za uzimba, ndinati ndine muphwa wa mlenje wamkulu wa m'boma la Dedza, amene amathamanga m'mame opanda nsapato mpaka kalulu kupempha chikhululukiro. Za nguluwe ija inakukwezani mumtengo wa msuku sindinatchule.

Kuno amasaka m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chifukwa nyama sionongeka msanga, ntchentche kulibe, ndipo nyama yawo yofutsa ija amati biltong imauma bwino. Koma kasakidwe kake mukanakaona mukanaseka mpaka kugwa. Kwathu uzimba ndi liwiro, agalu, zibonga ndi kukuwa, mapazi amatentha okha. Kuno kuli kasakidwe kotchedwa voorsit. Mlenje amakamukhazika pansi pa kachitsamba dzuwa lisanatuluke, mfuti ili pa timitengo, ndiye anyamata okwera pa akavalo amakusa nyama kuti zidutse pafupi naye. Nyama yake ndi springbok, kanyama konga nswala kamene kali pa malaya a timu yawo ya rugby. Ntchito yanga ndi kukhala pambali pa mlendoyo, osatsokomola, osagwedezeka, kenako kukanyamula chimene wagwetsa ndi kukasenda.

Tsiku loyamba ndinakonzeka ngati mmene mwanenera inu. Masokosi a thonje mapeya anayi. Pamwamba pake majumbo a pulasitiki awiri, kuti mphepo ione pobwerera. Zonsezi ndinazikankhira mu jombo zanga zakale za chitsulo kutsogolo, zija ndinkagwirira ganyu ya zomangamanga ku Germiston, n'kumanga zingwe mpaka maso kutuluka. Ndikuyenda kuchoka pa galimoto ya bakkie, mpando wa mlendo paphewa, mapazi anatentha bwino, ine n'kumadziyamikira kuti mwana wa ku Dedza sangaphunzitsidwe za chisanu. Udzu unali mbuu ngati wina wawaza ufa woyera, ndipo madzi a m'chomwera nkhosa anali atauma gwa.

Titakhala pansi zinthu zinayamba kutsanzika. Kachala kakang'ono ndi kamene kanayamba kuchoka, osalawira. Anzake anatsatira mmodzimmodzi ngati anthu akuthawa pa msonkhano wa chopereka. Pofika ola lachiwiri ndinali munthu wolekeza mu akakolo. Mfuti italira, springbok n'kugwa, mlendo wathu wochokera ku Texas anandiloza kuti ndikatenge. Ndinadzuka ndi mtima wonse, koma mapazi sanamve uthengawo. Ndinagwa chafufumimba, ndinadzuka, ndinagwada, ndinayenda chokwawa mpaka pamene panali nyamayo. Mzunguyo anavula chipewa, nafunsa bwana motsitsa mawu ngati umenewu ndi mwambo wa kwathu wolemekezera nyama yakufa. Bwana anavomera. Madzulo mlendoyo anandipatsa kangachepe chifukwa cha chikhalidwe chathu chokongola, ndiye musadabwe mukamva kuti ku America akukamba za mwambo wa Achewa umene inuyo simunaumvepo.

Amene anandipulumutsa ndi madala wina amene wakhala akulondola mapazi a nyama pa famuyi kuyambira ine ndisanabadwe. Anandikhazika pa chigubu n'kuyamba kundivula. Jumbo, sokosi, sokosi, sokosi, ngati akusenda kabichi, uku akuwerenga mokweza kuti anyamata onse amve. Sokosi yomaliza anaifinya, madzi n'kudontha. Ine ndinati mame alowa. Iye anati mame ake ati odutsa pulasitiki, limeneli ndi thukuta lako lomwe. Ndinathamangira kumoto kuti ndiwambe mapazi, anandikoka malaya. Akuti phazi ladzanzi silimva kutentha, ukhoza kuliwotcha ngati chinangwa iwe ukumwetulira. Anandiviika m'madzi ofunda pang'ono, oti mwana angasambe, ndipo anandiletsa kutikita. Magazi atayamba kubwerera, Malume, ndinaitana amayi m'zilankhulo zitatu.

Zimene anandiphunzitsa ndi izi, ndipo muzimve bwino chifukwa ine ndinazilipira ndi misozi. Chimene chimatenthetsa phazi si sokosi, ndi magazi. Sokosi ntchito yake ndi kusunga kampweya kofunda kozungulira phazilo. Ukathinitsa nsapato wafinya mpweya uja n'kutsekanso njira ya magazi, ndiye watseka chitseko mwini nyumba ali panja. Kwinako, phazi limatuluka thukuta ngakhale kuzizire chotani. Thonje limamwa thukutalo n'kulisunga pakhungu pomwepo, ndipo ukangoima kuyenda limasanduka chinsanza chonyowa. Pulasitiki ndiye amaonetsetsa kuti ngakhale dontho limodzi lisathawe. Chitsulo cha kutsogolo chija chinangomalizitsa ntchito, zala zanga zinali ngati usipa mufiriji.

Mankhwala ake akuyenda ndi miyendo inayi pa famu pomwepano. Ubweya wa nkhosa za merino umatha kumwa chinyezi chochuluka koma osamveka kunyowa, ndipo umafundabe ngakhale utanyowa. Kulinso mbuzi za Angora, za ubweya wopotanapotana wofika m'maso, zooneka ngati zikuchokera ku saluni. Zinafika m'dziko lino mu 1838 kuchokera ku Turkey, ndipo lero pafupifupi theka la ubweya wa mbuzi wotchedwa mohair pa dziko lonse limachokera kuno, n'kumakagulitsidwa ku Gqeberha, mzinda umene unkatchedwa Port Elizabeth mpaka 2021. Dzina latsopanolo musayese kulitchula muli ndi nsima m'kamwa. Ndiye taganizani, mbuzi imene kwathu timaidziwa ndi kuba chimanga ndi kulipira milandu, kuno ikuveka anthu masokosi. Zija zanu zitatu muziuze kuti anzawo ali pa ntchito.

Panopa ndimavala mapeya awiri basi. Mkati kasokosi kopyapyala ka nayiloni kokoka thukuta, kunja sokosi imodzi yokhuthala yaubweya. Jombo ndi yachikopa, yokula moti zala zonse zimatha kuvina mganda mkatimo. Peya ina youma imakhala m'thumba la jekete, ndimasintha tikafika pokhala. Pansi ndimayala chiguduli kuti ndisaponde nthaka yozizira, ndipo kumutu ndimavala chipewa chaubweya, chifukwa thupi likazizidwa limayamba kumana magazi ku zala kuti lisamale za m'kati, monga kholo limayambira kudula ndalama ya sopo zinthu zikavuta.

Magambutsi ndinawayesanso tsiku limodzi. Madzi salowa, n'zoona, komanso satuluka. Madzulo nditavula, galu wa bwana anasamuka pakhonde.

Jombo zanga zoyamba zachikopa ndinaziphanso ndekha. Zitanyowa ndinaziyanika pafupi ndi moto wowotchera nyama uja amati braai, m'mawa ndinapeza chikopa chauma ngati chiwamba, soli yakanuka kukamwa ngati mlamba. Safunsa anadya phula. Nsapato yonyowa amaiika manyuzipepala m'kati, n'kuisiya pamalo podutsa mphepo, ikauma n'kuipaka mafuta a dubbin. Ndipo m'mawa uliwonse timayamba taikutumula, chifukwa zinkhanira za kuno nazonso zimadziwa ubwino wa jombo yofunda.

Chimene sindinachimvetsebe ndi Mabunu eni ake. Munthu wavala jekete yonga bulangeti, chipewa, masokosi okhuthala ofika m'mawondo, nsapato zawo zija amati vellies, koma pakatipo kabudula wamfupi ngati wa mwana wa sitandade 2. Mawondo ali psuu, iye akumwa khofi, akuti lero kunja kuli bwino. Vellies ndi nsapato yabwino posaka ngoma m'zitsamba masana, chifukwa ndi yofewa ndipo siswa timitengo mokweza, koma pokhala pansi mbandakucha ine ayi. Za mawondozo ndinafunsa madala uja, anangoti zimenezo ngakhale iye anazisiya m'manja mwa Mulungu.

Tsono katundu wanu ndamupereka kwa mnyamata wa thiransipoti amene anyamuke ku Joni Loweruka, adzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, adzatulukira pa boda ya Dedza. Jombo ndi sayizi 9. Sindinaiwale nambala yanu, ndipo musazipereke kwa msuweni wanga wamkulu poganiza kuti ndalakwitsa. Ndinaziyesa madzulo, nthawi imene phazi limakhala litafufumako, nditavala masokosi amene ndakutumiziraniwo, popeza phazi langa ndi lanu n'limodzi kupatula ming'alu. Muyambe kuzivala pakhomo sabata imodzi, popita kudimba ndi pobwera, zisanaone tchire, apo ayi matuza adzakubwezani kalulu akuonerera. Ndikudziwanso mtima wanu. Mudzazipukuta, mudzaziika m'sutikesi, muzidzazitulutsa pa ukwati ndi pa maliro basi, kokasaka n'kumapitabe ndi nkhwayira. Ndikadzamva zimenezo ndidzatumiza patapata.

Masokosi ndi mapeya atatu, awiri a nkhosa, imodzi ya mbuzi. Ndi osinthanitsa, osati ophatikiza. Azakhali muwauze achape ndi madzi ozizira, asawiritse, asamenyetse pamwala, chifukwa ubweya ukapsa mtima umafota mpaka kukwana mdzukulu wanu. Asasungiremonso ndalama za banki m'khonde. Ndipo mukamadutsa m'chisoso muzitsitsa buluku pamwamba pake, mukapanda kutero mudzakhala tsiku lonse mukuzula minga m'malo mosenda kalulu.

Mnyamata yemweyo pobwerera mumupatsire ufa woyera pang'ono, usipa ndi kambuzi. Ndanena kambuzi wa tsabola, Malume. Mbuzi kuno zilipo kale, ndipo zavala bwino kuposa ine.

Ndine muphwa wanu,
wa zala khumi, zonse zilipo, ndawerenga m'mawa uno.