Bwana wa pa Facebook ndi Ine

Pali munthu wina amene ndimafanana naye dzina, nkhope, ngakhale chipsera cha pachipumi, koma iye ndi bwana. Amakhala pa Facebook. Ine ndimakhala ku Ndirande, m'kachipinda kalendi kodontha.

Bwanayo ndinamuumba ndekha. Facebook itafunsa komwe ndinaphunzira, ndinalemba kuti ku Poly. Si bodza kwenikweni: tsiku lina ndinausapo mvula pamenepo pa Ginnery Corner, ndipo ndinaphunzira kuti munthu aziyenda ndi ambulera. Sukuluyo itasintha dzina n'kukhala MUBAS mu 2021, nanenso ndinasintha msangamsanga, paja ife ophunzira sitiiwala kwathu. Za mapointi 38 a MSCE ndinangoti zii, poti palibe anafunsa.

Pa ntchito ndinalemba kuti CEO wa kampani ya zamtengatenga. Kampaniyo ndi njinga yamoto ya kabaza, nayonso ndi ya alamu anga. Chithunzi ndinajambulitsa ku Chichiri nditatsamira galimoto ya eni, mwachangu, mlonda asanatembenuke.

Sabata isanathe, amalume anaimba foni kuchokera ku Thyolo. "Mphwanga, taona kuti Chauta wakukweza. Ife sitivuta, matumba awiri a feteleza basi." Azakhali anatumiza mndandanda wa fizi ya ana atatu. Ulemu amalandira ndi bwana wa pa Facebook, ngongole amakabwereka ndine.

Ngongole zitandifika m'khosi, ndinakafunsira ntchito ya umesenjala pa ofesi ina mu Limbe. Ndinabwereka jekete, nsapato ndinapukuta ndi khoko la nthochi. Abwana a pamenepo anawerenga kalata yanga, kenako n'kutulutsa foni. Anayang'ana foniyo, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso foniyo.

"Achimwene, inu ndinu CEO. Ife malipiro anu tingawathe?"

Ndinati zimenezo n'zocheza chabe. Iwo anati ndiye wabodza ndi uti, wa pa kalatayu kapena wa pa foniyu? Akulu sananame, mapanga awiri avumbwitsa. Ndinabwerera wapansi, mvula ikundikwapula, ambulera nditaiwalanso.

Usiku womwewo ndinagula kabandulo kuti ndim'fufute bwanayo, athe basi. Nditatsegula ndinapeza mnyamata wina, wa digiri yeniyeni, atalemba pansi pa chithunzi chija: "Bwana, mundiganizireko kantchito kalikonse."

Ndinakhala tsonga pamphasa, n'kukonza kolala, n'kuyankha kuti: "Tumizani CV, tiona."