Malangizo kwa m'busa amene akufuna kutha msanga

M'busa amene wangolowa kumene m'nyumba ya mpingo ayenera kumudziwa mdani wake weniweni. Satana ali ndi ntchito zambiri kale, musamuvutitse. Mdani wanu ndi Lolemba, tsiku limene ena amati abusa azipuma. Kuopsa kwake n'kwakuti limaulula chinsinsi chimene muyenera kupita nacho kumanda: kuti inu mutagona tsiku lonse, dzuwa limatulukabe, amayi amasonkhanabe pa tsiku lawo, kwaya imayeserabe nyimbo, ndipo Mulungu sasowa pogwira. Mpingo ukangozindikira zimenezi, ulemu wanu watsika. Choncho foni izigona pansi pa pilo. Ikalira 2 koloko usiku, ngakhale woimbayo akungofunsa ngati msonkhano wa komiti ndi Loweruka lino kapena linalo, dzukani, valani kolala, lizani njinga yamoto.

Ena abwera ndi Baibulo kudzakutsutsani, poti anthu ophunzira sasowa. Adzakutsegulirani Eksodo 18, pamene Yetero anaona Mose akuweruza milandu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, namuchenjeza kuti adzalefuka, n'kumulangiza kuti aike atsogoleri a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10. Yankho lake n'losavuta: Yetero anali mpongozi, ndipo malangizo a apongozi tonse timawamvera titaweramitsa mutu, n'kuwasiya pomwepo pamphasa. Kuti Mose anamvera, limenelo ndi vuto la Mose. Adzatchulanso Machitidwe 6, pamene atumwi anapereka ntchito yogawa chakudya kwa amuna 7, komanso Yesu atagona pa mtsamiro m'ngalawa namondwe ali mkati, ndi Eliya amene atatopa mpaka kupempha imfa, mngelo sanamuitanire ku semina koma anamupatsa mkate ndi madzi, iye n'kugonanso. Onsewa analibe magulu a WhatsApp. Kunena zoona, kugawira ena ntchito n'koopsa pa chifukwa china: mkulu wampingo akhoza kuyendera wodwala bwino kuposa inu, ndipo anthu ali ndi maso.

Nkhani ya banja ndiyo imafuna luso. Paulo analembera Timoteo kuti wolephera kuyendetsa nyumba yake sangasamalire mpingo wa Mulungu, koma sananene kuti woyendetsayo azikhalamo. Ana anu azikuonani paguwa ngati akhristu ena onse, ndipo muziwatchula kawirikawiri mu ulaliki monga chitsanzo, makamaka zolakwa zawo, kuti adziwe kuti mumawakumbukira. Mayi busa ndi wantchito amene mpingo unamupeza ulere: aziphikira alendo ofika nsima itapakulidwa kale, azitsogolera amayi, azimwetulira pakhomo la tchalitchi ngakhale ntchafu ya nkhuku sanailawepo chaka chonse. Ngati chikumbumtima chikukuvutani, tsegulani mbiri. David Livingstone anatumiza mkazi wake Mary ndi ana ku Britain mu 1852, iye n'kukhala zaka zinayi akudutsa Africa. Mary anamwalira ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi mu 1862, ndipo mwana wawo Robert anafera m'ndende ya asilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America mu 1864. Lero tili ndi Livingstonia, tili ndi Blantyre wotchedwa dzina la kwawo kwa bamboyo, koma palibe ngakhale msika wotchedwa Robert. N'zoona kuti Livingstone atakalamba anadandaula kuti sankasewera ndi ana ake ku Kolobeng. Inunso mudzadandaule nthawi imeneyo, poti kudandaula kwa muukalamba sikusokoneza ndandanda ya maulaliki.

Chitsutso champhamvu ndi cha anthu oganiza bwino amene amati ntchito ya ubusa ilibe wotchi: maliro sapangana tsiku, wodwala mwakayakaya sadikira kuti kuche, ndipo m'busa mmodzi kumudzi amakhala ndi nyumba zamapemphero zingapo zotalikirana. Akunena zoona, ndipo choonadi chimenechi ndicho chishango chanu chabwino koposa. Chofunika n'kusakaniza zadzidzidzi zenizeni ndi zongopeka mpaka pasapezeke wotha kuzisiyanitsa. Mukapita kusiwa usiku, palibe mwana angakuimbeni mlandu. Ndiye mawa lake mukakhala maola asanu pa komiti yokambirana mtundu wa penti ya chimbudzi cha tchalitchi, mubwere kunyumba ndi nkhope yomwe ija yakumaliro. Mkazi wanu akafunsa chifukwa chimene simunapite kusukulu tsiku lotsekera, muuzeni modekha kuti akulimbana ndi maitanidwe a Mulungu. Mawu amenewa amatseka pakamwa pa aliyense, chifukwa palibe amafuna kukhala mbali ya Yezebeli.

Mukatsatira zonsezi mokhulupirika, BP idzachita mbali yake musanafike zaka zopuma pantchito. Mwambo wake udzakhala wokongola: makwaya, abusa anzanu atavala mikanjo, nkhata mulu. Ikadzatha miyezi yochepa, mpingo udzaitana m'busa wina, ndipo nyumba ija ndi ya mpingo. Choncho mukapeza mphindi ziwiri pakati pa maliro ndi chinkhoswe, uzani mayi busa kuti makatoni a sopo asamataye.