Pusi anagwa pa 24 Disembala

Mwambi uja tonse timaudziwa: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Aphunzitsi kupulayimale ankangoti tanthauzo lake ndi lakuti dyera n'loipa, ife n'kulemba m'kope, n'kukhoza mayeso. Palibe amene anafunsapo kuti pusiyo anagwa mwezi uti. Ine ndafufuza ndi thupi langali, ndipo ndapeza kuti anagwa pa 24 Disembala, chakumadzulo, ali ndi majumbo m'manja.

Tsikulo linayamba mwaulemu. Kuntchito tinali titatsekera, mvula itagwa usiku, kunja kukununkhira dothi. Mayi akunyumba anandituma kumsika wa Limbe kukagula zinthu 6: mpunga wa Kilombero, nkhuku ya lokolo, mafuta ophikira, anyezi, tomato ndi makala. Poti amandidziwa, anandiuza pakamwa, kenako n'kunditumiziranso pa WhatsApp ndili pakhonde pomwepo ndikumanga nsapato.

“Bambo, pobwerera mukadzere ku Ndirande mukawapatse moni azakhali. Moni wokha. Ikamakwana 2 koloko mukhale muli pano, nkhukuyo tikonze kukadawala.”

M'thumba ndinali ndi a Kamuzu angapo, aja a pa K5,000 amene anatuluka mu 2022. Atangofika kumene tinkawalandira ndi manja awiri. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, akuluwa sakhalitsa pakhomo pa munthu. Amangodutsa ngati wapaulendo wopempha madzi akumwa.

Poyamba ndinachita zamzeru. Mayi wampunga anatapa kudzanja n'kundiika pamphuno kuti ndimve fungo la ku Karonga. Ndinanunkhiza, n'kugwedeza mutu ngati katswiri, ngakhale kunena zoona Kilombero ndi Faya ndimazisiyanitsa zikapsa basi. Anandiikira banyira. Kunkhuku ndinasankha tambala wofiira, ndinamukweza m'mwamba kuyesa kulemera kwake, ndinamupapasa pachidale, tinakanganako mtengo mpaka tonse tinatopa, mnyamata n'kumumanga miyendo ndi luzi. Mpaka apa pusi anali akadali panthambi yake.

Tsono mtengo umene pusi wakale anakwera unali ndi zipatso zokha, ndipo zipatsozo sizinkaitana. Wa ku Limbe umaitana. “Bigi, kuona n'kwaulere!” Mawu amenewa agwetsa amuna ambiri kuposa matope a Disembala. Ndinaona kwaulere bhelo la kaunjika longotsegulidwa kumene, ndipo ndinatulukapo ndi jekete yaubweya, thukuta lili kamukamu, ndikudziuza kuti Juni sachedwa. Ndinaonanso kwaulere timagetsi tothwanima ta Khirisimasi. Kenako mango a boloma, ngumbi zokazinga m'kapepala, ndi kasipika kamene mnyamata wake analumbira kuti kamamveka mpaka ku Bangwe.

Pusi wakale manja akadzadza ankaleka kuthyola, ndipo makolo athu ndalama zikatha m'thumba ankabwerera kwawo. Ife chitetezo chimenecho anatilanda. Nditapisa m'thumba n'kunena kuti zatha, mnyamata wasipika anangoseka: “Osadandaula bigi, Airtel Money kapena Mpamba timalandira.” Nthambi ya masiku ano imachita kukutsatira.

Ku Ndirande ndinafika dzuwa lili pamutu, jumbo uku, jumbo uku, tambala m'khwapa. Azakhali anali pakhonde akusankha nyemba. Ndinatula katundu kuti ndigwade bwino popereka moni, ndipo mwatsoka tambala ndiye anatera pafupi ndi mapazi awo. Anamuyang'ana, anandiyang'ana, n'kuwomba m'manja.

“Mwana wa achimwene anga! Ena onse anandiiwala, koma iweyo ayi. Tambala wathunthu?”

Apa ndiimirire kumbali ya pusi pang'ono. Amene anapeka mwambiwu sanatiuze ngati mumtengomo munali azakhali ake. Ndi mwana wobadwa kwa munthu uti amene angatsegule pakamwa n'kunena kuti pepani azakhali, nkhukuyi ikungodutsa? Mawuwo anafika pakhosi, n'kubwerera okha. Chimene chinatuluka n'chakuti, “N'kochepa azakhali, kongolawa.”

Sanachedwe. Anaitana mdzukulu, mpeni unanoledwa pamwala, madzi anawira. Kwathu mlendo wolemekezeka amamuphera nkhuku, ndipo ine anandipheradi, ya ine ndemwe. Podikira anandipatsa thobwa m'kapu yaikulu ija amasungira abusa. Alamu a nyumba yoyandikana atamva kuti ndabwera anabweretsanso lawo, ndipo kukana la alamu utamwa la azakhali ndi mlandu wofika kwa ankhoswe. Ndinamwa. Nkhani zinayenda: za fetereza, za amene wakwatiwa, za amene wapita ku Joni osatsanzika. Foni inanjenjemera m'thumba kanayi konse, ine osaiona. Pamaso pa akulu sitigwiragwira mafoni, ndipo tsiku limenelo mwambo umenewu ndinausunga kuposa masiku onse.

Nsima inabwera cha m'ma 3 koloko. Tambala uja analidi wonona, diso langa silinalakwe. Azakhali anandiikira nthutumba m'mbale mwanga ndi dzanja lawo, amvekere, “Idya mwanawe, kutauni kuno nkhuku zenizeni zikusowa.” Ndinavomera kuti zikusowadi.

Pokwera minibasi yobwerera kunyumba ku Chilomoni, a Kamuzu onse anali atatsanzika. Nditalipira kondakitala ndinatsala ndi mayi Rose Chibambo a pa K200 ndi Inkosi M'mbelwa ya pa K20, anthu aulemu wawo m'mbiri ya dziko lino, koma pamsika sangakugulire ngakhale phazi la nkhuku.

Kunyumba mayi anayala katundu pamkeka mmodzimmodzi, mwakachetechete, ngati apolisi akuonetsa zogwidwa. Mpunga ulipo. Mafuta ndi anyezi zilipo. Tomato analipo, koma atakhalidwa ndi sipika kuchokera ku Limbe. Jekete anaitambasula, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuipindanso. Makala ndinawakumbukira nthawi yomweyo.

“Nanga nkhuku ili kuti, bambo?”

“Yafika bwino ku Ndirande.”

“Ndiye mwaisiya konko yonse?”

“Ina ndabwera nayo,” ndinatero ndikusisita pamimba.

Ndinafuna kuziziritsa mlandu poyatsa timagetsi tothwanima tija. Tinathwanima kawiri, magetsi a dera lonse n'kuzima. Ana anakuwa ndi chimwemwe, poganiza kuti ndi mmene timagwirira ntchito.

Madzulowo anathera pambaula ya makala obwereka kwa aneba. Mayi ankakazinga anyezi ndi tomato wophwanyika uja, amene anati wawapeputsira ntchito yodula, ndipo aka kanali koyamba kundiyamikira tsiku lonse. Ana ankasankha mpunga palichero ndi tochi ya foni, kukamwa kuli mango okhaokha, kasipika kakuimba nyimbo za kwaya mosafika n'kumpanda komwe. Fungo la Kilombero litayamba kutuluka mumphika, thobwa la makapu awiri ndi nsima ya azakhali zinandikoka malaya. Ndinatsamira khoma, ndinatsetsereka, mpaka msana unapeza mkeka, maso ali kudenga.

“Amama, adadi agwa!” anatero wamng'ono.

“Asiye agone,” anayankha mayi ake akukupiza moto. “Mawa 5 koloko akudzuka kukasaka tambala wina. Ngati kukuzizira avale jekete.”