Mmene mungakhalire katswiri wa basketball pa Kamwendo musanaonerepo gemu

Kale pa Kamwendo munthu ankavutikira kuti atchedwe katswiri wa masewero. Ankalipira pakhomo la vidiyo, kukhala pabenchi mphindi 90 zathunthu, kupirira thukuta la anzake ndi utsi wa jenereta, kenako n'kutuluka kukauza dziko kuti kochi wa Arsenal sadziwa mpira. Masiku ano zinthu zapepuka. Kwabwera basketball ya ku America, ndipo ukatswiri wake sulira kuti muonere chilichonse. Foni, bandulo ya tsiku limodzi ndi pakamwa posatopa, basi ntchito mwaipeza. Poti anthu akuilowa mwachisawawa, ena mpaka akumaonera gemu yonse asanayankhule, ndi bwino tiikepo malamulo.

Yambani ndi chovala. Tsiku la msika pitani pa kaunjika, fukulani mpaka mupeze jezi yopanda manja. Ikakhala yofiira ya Chicago Bulls nambala 23, ndiye kuti makolo anu akukuonani. Ikakhala ya sukulu ina ya ku Ohio imene palibe akuidziwa, musade nkhawa, palibenso adzafunse. Muziivala ngakhale mu June, chisanu cha ku Mchinji kuno chikulowa m'mafupa. Katswiri sanjenjemera.

Lamulo lalikulu ndi ili: gemu musaonere. Ligi ya NBA ili ndi matimu 30, ndipo timu iliyonse imasewera magemu 82 isanalowe m'ndime yolimbirana chikho. Gemu imodzi ndi mphindi 48, koma ndi kuimaima kwake imadya maola awiri ndi kupitirira. Choipitsitsa ndi nthawi. M'dzinja, gemu yoyamba 7:30 madzulo ku New York kuno imakhala 2:30 usiku, ndipo ya ku Los Angeles imayamba atambala atatopa kale kulira. Munthu amene mawa lake akulawirira kukapalira soya kapena kukapalasa kabaza angazithe zimenezo? Ndiye dikirani kuche. Tsegulani Facebook, pezani kavidiyo ka masekondi 30 kamene munthu akuuluka n'kuvwika mpira muneti, kaonereni kawiri, ndipo kafukufuku wanu wathera pomwepo. Ubwino wa tizidutswa timeneti ndi wakuti mulibe zosokoneza. Palibe amene amadula kavidiyo ka wosewera akuphonya, akutaya mpira, kapena akubwerera kumbuyo mwaulesi mnzake akumuthawa. Aliyense m'foni mwanu ndi dolo.

Mukafika pa depoti kapena pa chiwaya cha tchipisi, funso lanu likhale limodzi: "Wamwetsa angati?" Akati 30, gwedezani mutu, nenani kuti munaziona kale mwa mnyamata ameneyo. Akati 8, lamulani kuti amugulitse lero lomwe. Musayerekeze kufunsa kuti anaponya kangati kuti apeze 30 wakeyo, chifukwa funso limenelo lapasula maukatswiri ambiri.

Tiyeni tione chifukwa chake ndi loopsa, kuti mudziwe kulizemba. Bungwe la FIBA, loyendetsa basketball padziko lonse, lili ndi kawerengedwe kosavuta koyezera wosewera. Amaphatikiza mapointi, mipira imene watola itagunda bolodi kapena mphete n'kubwerera, mipira imene wapatsira mnzake n'kumwetsa, imene walanda ndi imene watchinga ili m'malere. Akatero amachotsera ulendo uliwonse umene waponya n'kuphonya, ndi uliwonse umene wataya mpira. Tiyerekeze dolo wanu uja wamwetsa 30, koma anaponya ka 28 n'kulowetsa ka 11 kokha, wataya mpira ka 6, watola iwiri, wapatsira umodzi. Masamu ake amathera pa 10. Winayo, amene mwamugulitsa kale uja, wamwetsa 8 ataponya kasanu n'kuphonya kamodzi, watola 12, wapatsira 5, walanda iwiri, watchinga iwiri, wataya umodzi. Iye ali pa 27. Kuyeza wosewera ndi mapointi okha kuli ngati kutamanda mlimi poona matumba a mtedza amene wabweretsa pamsika, osafunsa kuti analima maekala angati ndipo ngongole yatsala zingati. Koma inu musalowe m'zimenezo. Wina akayamba kuwerengetsa choncho, muuzeni kuti basketball si mayeso a Fomu 4.

Mukafuna umboni woti mapointi ndiwo zonse, tchulani Wilt Chamberlain amene anamwetsa 100 pagemu imodzi mu 1962, ndi Kobe Bryant amene anathira Toronto 81 mu January 2006. Onjezeraninso Devin Booker wa Phoenix Suns, amene anamwetsa 70 ku Boston mu March 2017. Mukafika pamenepo khosomolani, sinthani nkhani, chifukwa tsiku limenelo Phoenix inagonja 130 kwa 120.

Otchinga muziwanyoza. Ili ndi lamulo losafuna khama, poti tinalizolowera kale ku mpira wamiyendo, kumene dziko lonse likukumbukira chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco mu January 2022 koma mukafunsa amene ankatchinga kumbuyo tsikulo anthu amayamba kuyang'ana kumwamba. Ku basketball kulinso anthu otere, ogwira ntchito imene silowa m'kavidiyo. Wina amaima ngati chipupa kuti mdani wa mnzake agundepo, mnzakeyo apeze mpata woponya. Wina amakankhira mdani kumbuyo kuti mpira wobwerera utoledwe ndi mnzake, osati iye. Wina amangoimika manja pansi pa neti mpaka adani amaleka kubwerako. Zonsezi palibe pozilemba, ndipo kwa inu zimenezi ndi ulova.

Ngati pali wachikulire wina woyamba kutchula mayina, konzekani. Adzakuuzani za Dennis Rodman, amene anatsogola ligi yonse potola mipira yobwerera zaka 7 zondondozana ndipo anatenga chikho kasanu, kawiri ndi Detroit, katatu ndi Chicago, pamene mapointi ake pagemu ankangozungulira pa 7. Adzatchula Ben Wallace, amene palibe timu inamusankha potuluka ku koleji, koma anakhala wotchinga wopambana m'ligi kanayi n'kutenga chikho ndi Detroit mu 2004. Adzatchulanso malemu Dikembe Mutombo wa ku Congo, amenenso anatenga ulemu womwewo kanayi. Mwina adzafika mpaka pa Draymond Green wa Golden State, amene mu February 2017, posewera ndi Memphis, anamwetsa mapointi 4 okha koma anatola yopitirira 10, kupatsira 10 ndi kulanda 10, timu yake n'kupambana bwinobwino. Musatekeseke. Mudikireni amalize, mumuyang'ane mwachifundo, mufunse kuti, "Akuluakulu, mwati anamwetsa angati?" Gulu lidzaseka, ndipo pa Kamwendo amene wasekedwa ndiye waluza.

Koma pali tsiku limene manambala muyenera kuwakonda, ndilo tsiku limene dolo wanu wapanga triple-double, kutanthauza kuti wafika 10 m'magawo atatu osiyana. Pamenepo imbirani foni ngakhale alamu anu a ku Chipata. Musalole wina akukumbutseni kuti osewera nawonso amadziwa kuwerenga, ndipo ena amasaka manambala timu ili apo. Mu March 2003, Ricky Davis wa Cleveland atatsala ndi mpira umodzi wotola kuti akwanitse 10, anatembenuka n'kuponyera mpira ku neti ya timu yake yomwe kuti ubwerere autole. Sanamuwerengere, ndipo wosewera wa Utah anamugunda chifukwa cha mwano umenewo. Patapita zaka 20, Giannis Antetokounmpo wa Milwaukee, mwana wa makolo a ku Nigeria, anaphonya dala kumapeto kwa gemu ndi Washington n'kudzitolera yekha, ligi n'kudzamulanda mpira umenewo m'mawa mwake. Nkhani ngati zimenezi ndi miseche ya anthu ansanje.

Tsopano tifike pa sikelo yeniyeni, imene akatswiri a pano amaikhulupirira kuposa FIBA: tikiti ya betingi. Wosewera wabwino ndi amene wakudyetsani. Woipa ndi amene wakupherani tikiti. Mwabetcha kuti amwetsa kupitirira 25, iye wafika 24, timu yake ikutsogola ndi mapointi 30, ndipo kochi wamukhazika pabenchi chigawo chonse chomaliza kuti apume poti mawa kuli gemu ina mumzinda wina. Kwa anthu wamba amenewo ndi nzeru za kochi. Kwa inu ndi chiwembu. Kochiyo ankadziwa kuti pa Kamwendo pali munthu amene waikapo ndalama ya ndiwo. Lengezani kuti wosewerayo watha, wakalamba, ndalama zamulowa m'mutu, ndipo ligi yonse ndi yogulidwa. Loweruka akakudyetsani K4,000, mubwezereni ulemu wake wonse, munene kuti inu simunamukayikirepo.

Zina ndi zazing'ono, tingozidutsa. Wamtali ndi wabwino kuposa wamfupi. Wa nsapato zodula ndi wabwino kuposa onse. Wovulala ndi waulesi. Malipiro a wosewera aliyense muziwasintha kukhala makwacha mokweza mawu, pa mtengo wa dola wa pa boda ya Mwami, mpaka onse agwire pakamwa. Timu ikagonja, wolakwa ndi oyimbira, kenako kochi, kenako aliyense amene dzina lake simutha kulitchula.

Tsiku lina padzabwera mnyamata wa ku koleji ali pa holide, n'kuyamba kunena za plus-minus. Ameneyu ndi woopsa, mumudziwiretu. Kawerengedwe kake n'kakuti amaona kusiyana kwa mapointi a matimu awiriwo pa nthawi yokhayo imene wosewera anali m'bwalo. Ngati iye ali mkati timu yake yamwetsa 60 adani 48, ndiye ali pa +12, ngakhale iye mwini asanamwetse n'kamodzi komwe. Zimenezi zimaulula anthu ogwira ntchito mwakachetechete aja, zimaululanso madolo amene amamwetsa 30 uku kumbuyo kwawo kukulowa 40. Zili ndi chilema chake: pagemu imodzi munthu akhoza kukwera nawo chabe chifukwa analowa limodzi ndi anzake amphamvu, ndiye odziwa amaziyang'ana pa magemu ambiri, n'kuonanso kuti ankasewera ndi ndani, nanga ankalimbana ndi ndani. Inu gwirani chilemacho, tayani zina zonse. Zikakanika, funsani mnyamatayo kuti fizi yake amalipira ndani.

Mkangano uliwonse ukafika povuta, ukokereni kwa Michael Jordan ndi LeBron James. Kumeneko palibe amene amagonja. A Jordan anene zikho 6 za pakati pa 1991 ndi 1998. A LeBron anene kuti mu February 2023 anapitirira mapointi 38,387 a Kareem Abdul-Jabbar. Zoti Jordan yemweyo anasankhidwanso kukhala wotchinga wopambana mu 1988 zisatuluke pakamwa panu, zingakuonongereni lamulo lija la otchinga. Sikofunika kuti munamuonapo akusewera. Ambiri mwa okangana pa nkhaniyi anabadwa iye atasiya kale mu 2003.

Apa ndiye pamandinyansa, ndipo ndinene mosaseka. Anthu omwewa, amene amadziwa dzina la mwana wa LeBron ndi mtengo wa galimoto yake, sangakutchulireni wosewera mmodzi wa Bravehearts ya ku Lilongwe, timu imene yakhala ikuimira Malawi m'magemu olimbirana malo mu Basketball Africa League. Ligi imeneyo inayamba mu 2021 ku Kigali, ndipo mu 2024 chikho chinapita kwa Petro de Luanda ya ku Angola, konkuno kumwera kwa Africa. Ferroviário da Beira ya ku Mozambique inasewerapo. Ku Lusaka kuli Matero Magic. Lilongwe ndi minibasi imodzi kuchoka pa Kamwendo, magemu amaseweredwa dzuwa likuwala, ndipo munthu ukhoza kukhala pafupi mpaka kumva nsapato zikulira pansi, kuona ndi maso ako amene akutchinga ndi amene akungoyendayenda. Sapita. Ndipo nzeru zawozo zafika kwa ana. Pabwalo la sukulu lina la simenti yong'aluka, mphete yopindika yopanda neti, mudzaona mwana wazaka 14 akuponya ali kutali, anzake awiri ataima okhaokha pansi pa bolodi manja ali m'mwamba. Akaphonya kasanu n'kulowetsa kamodzi, oonerera amakuwa. Amene wapatsira mnzake mpira wabwino palibe womuombera m'manja. Dziko limene linatulutsa Mary Waya ndi Mwawi Kumwenda liyenera kudziwa kuti mpira sufika wokha m'manja mwa woponya, poti ku ntchemberembaye pa osewera 7 awiri okha ndiwo amaloledwa kuponya.

Tibwerere ku maphunziro athu. Katswiri amafunika mawu ake omudziwira. Sankhani awiri kapena atatu muziwabwereza: "alibe mtima", "sewero lake ndi la ana", "ameneyo ine ndinamukana kalekale". Musamalonjeze zinthu zimene zingatsimikizike sabata yamawa. Nenani za zaka zisanu zikubwerazo, pofika nthawiyo onse adzakhala ataiwala. Mukagwidwa kuti wosewera amene mukumunyozayo sanasewere n'komwe usikuwo chifukwa anavulala, musabwerere m'mbuyo. Nenani kuti n'zimene mukutanthauza: timu inamufuna, iye osapezeka.

Chomaliza n'chokhudza chitetezo chanu. Musamayandikire bwalo mutavala jezi ija. Ana ndi opanda ulemu masiku ano, akhoza kukuponyerani mpira n'kunena kuti, "Ankolo, tationetsani." Zikatero musaugwire. Usiyeni udutse, gwirani bondo, nenani kuti linaphwanyika mu 2009 pamene matimu a ku Lilongwe ankakulimbiranani. Akafunsa kuti matimu ake ati, foni yanu ilire.