Ulemu kwa woonerera bawo

A kampani ya Sovereign Metals akuti m'dothi la ku Kasiya muli miyala ya rutile yochuluka kuposa kwina kulikonse kodziwika padziko, mpaka Rio Tinto inagulako masheya awo mu 2023. Zabwino zimenezo. Koma chuma china chili pamtunda pomwepa, chosafuna makina okumbira: bambo uja amanjuta pambali pa bawo pa Nsaru kapena pa Kabudula, wosasewera, wosabetcha, koma pakamwa posatseka.

Sing'anga akamakupatsa mankhwala amabisa chizimba, kuopa ungamulande odwala. Zakudambwe nazo saulula. Mkuluyu yekha ndiye amagawa matsenga ake ulere, dzuwa likuswa mtengo. Pa bawo pali mabowo 32 ndi njere 64, ndipo wosewera wamba amawerenga bowo limodzilimodzi, chala chili m'malere. Iye ayi. Amatsinzina, milomo n'kumagwedera ngati akutemberera munthu, kenaka: "Achimwene, musatakate pamenepo, yambirani uku mudye!" Mukamvera mumadyadi njere zitatu, mnzanu n'kubwera kudzasesa mzere wanu wonse wakutsogolo. Apo n'kuti mkulu uja atasamukira kale tsidya linalo, akunong'oneza mdani wanu. Ena amati ndi ukathyali. Ine ndimati n'chilungamo: ndaninso m'dziko muno amathandiza mbali zonse ziwiri mosakondera chonchi?

Nanga kudzichepetsa kwake! Mukapambana amangoti, "Ndinanena ine." Mukagonja amati, "Simunandimvetse, ndimanena bowo linalo." Musunthe kuti akhalepo asewere yekha, pomwepo wakumbukira kuti fodya wake sanasankhidwe ku chigafa. N'chifukwa chake chibadwire sanagonjepo, mbiri imene akatswiri enieni amangoilota.

Oonerera otere akakumana atatu ndiye sukulu yatsegulidwa. Wina akuti kumanja, wina kumanzere, wachitatu dzanja lili kale m'bawo, akufesa njere zanu kuti akuonetseni, n'kuiwala pomwe anazitola. Masewero amathera pomwepo. Chotsala ndi mlandu wa njere ziwiri zosadziwika kwawo, ndipo aliyense, ngakhale wakabaza amene wangoima kumene, ndi mboni yoona ndi maso.

Alipo amene amanong'ona kuti kuwerenga kotereku si kwa mutu wokha, mkuluyu ali ndi kanthu m'thumba. Chenjerani anzanga, lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, ndipo kutchula munthu mfiti ndi mlandu. Komanso ndi mfiti yanji imene matsenga ake amagonjetsa yemwe wawalandira? Musiyeni munthu wa Mulungu. Wogonja akagule tiyi monga mwa pangano, ndipo mkuluyu, poti wagwira ntchito mbali zonse, watsogola kale ku tiyirumu, waitanitsa wamkaka ndi masikono awiri.